Zimene ndinafunsa makochi mwana wanga asanasaine

Mwana wathu wachisamba wasaina. Lachitatu loyamba la Disembala, tsiku limene anyamata a giledi 12 kuno ku America amayamba kuloledwa kusaina mapangano ndi makoleji a mpira, anakhala patebulo m'holo ya sukulu yake kuno ku Indiana, ine uku abambo ake uku, n'kulemba dzina lake papepala. Pepalalo likuti chaka chamawa akasewera mpira wa ku America, uja wa mahelemeti, pa yunivesite ina ya m'chigawo chomwe chino, ndipo yunivesiteyo izimulipirira fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku. Chisainireni foni yanga sikupuma. Ambiri akuyamika Mulungu limodzi nafe, koma mafuno abwinowo akatha pamabwera funso limodzi lomwelo: nanga sukulu yaikulu ija inamutchula kale, ya pa TV ija, yatani? Ndati ndiyankhe pano mofatsa, chifukwa ndikudziwa makolo anzanga angapo amene ana awo akukula matupi ngati wangayu, ndipo makochi ayamba kale kuwazungulira.

Mwana wanga sagwira mpira. Timu ikakhala ndi mpira, pa anthu 11 amene ali m'bwalo, asanu amawerama kutsogolo phewa ndi phewa. Pakati pamakhala center, amene amayambitsa sewero popereka mpira kumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake, m'mbali mwake ma guard awiri, kumapeto ma tackle awiri. Wanga wakhala akusewera left tackle, kumapeto kwa kumanzere. Ntchito ya asanuwa ndi kutchinga woponya mpira kuti adani asamugwetse, ndi kukankha anthu kuti wothamanga ndi mpira apeze mpata. Amavala manambala a pakati pa 50 ndi 79, ndipo lamulo silimawalola kulandira mpira woponyedwa kutsogolo. Akachita bwino, amene amaomberedwa m'manja ndi mnzawo amene wadutsa pampata uja. Anthu amawazindikira akalakwa: kusuntha mpira usanayambe, timu yonse imabwezedwa mayadi 5, kukoka jezi ya mnzako, mayadi 10.

Lachisanu lililonse madzulo, kuyambira Ogasiti mpaka kuzizira kwa Novembala, ndakhala pamabenchi achitsulo aja ndikuyang'ana malo amene anthu ena sayang'ana. Mpira ukapita kumanja, mitu yonse imatembenukira kumanja, ine maso anga ali kumanzere pamapazi a mwana wanga. Ndimaona akaponda bwino phazi loyamba, ndimaona akaimirira msanga n'kukankhidwa pachifuwa. Nthawi zina ndimakuwa ndekha pamene ena onse ali chete, chifukwa ndaona wagwetsa munthu chagada kutali ndi mpira. Makolo a anyamata apamzerewu timadziwana ndi zimenezo.

Popeza mnyamata wapamzere alibe zigoli kapena mayadi oti n'kuwerenga, makoleji amamusankha ndi maso basi. Choyamba ndi vidiyo. Masewero onse a sukulu amaikidwa pa Hudl, tsamba la pa intaneti la mavidiyo a masewera, ndipo mwana amadula timagawo take tabwino, n'kuika kachizindikiro pamwamba pa mutu wake kuti woonera amupeze m'chigulumo. Akochi ake a kusekondale anatiuza kuti zabwino kwambiri ziziyamba, chifukwa kochi wa koleji ali ndi mavidiyo mazanamazana ndipo akapanda kukopeka poyambirira amatseka. Chachiwiri ndi makampu a mu Juni, amene makoleji amachititsa pamabwalo awo ndipo kholo limalipira lokha. Kumeneko ndi kumene ndinaona zinthu zimene zinandikhalira mumtima. Anyamata amavula nsapato, amawaimika kukhoma, amawayeza kutalika, kulemera, kutalika kwa mkono kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala, kukula kwa chikhatho. Kenako amawauza kuti anyonyomale zidendene zili pansi, kuti aone ngati chiuno ndi akakolo zimapindika. Wanga ali giledi 11 anali wamtali mafiti 6 ndi mainchi 4, pafupifupi masentimita 193, ndipo ankalemera mapaundi 270, omwe ndi makilogalamu 122 kapena kuposerapo pang'ono. Mikono yake anati yafupikirapo pa tackle wa kukoleji, ndiye onse ankamuona ngati guard kapena center. Chimene chinkawasangalatsa n'choti nyengo yozizira amachita masewera ogwetsana, ndipo munthu wogwetsana amadziwa kutsitsa chiuno ndi kugwiritsa ntchito manja. Masewera amenewo anatithandizanso mwanjira ina: gulu la olemera kwambiri kusekondale limathera pa mapaundi 285, choncho sakanatha kungonenepa mwachisawawa.

Pakampu ina kochi wina anandikokera pambali, munthu waulemu ndithu, n'kunena kuti, "Mayi, ine sindikuyang'ana mnyamata waima apoyu. Ndikuyang'ana munthu amene adzakhalepo akadzakwanitsa zaka 21, wa mapaundi 305." Iye ankanena ngati chiyamikiro, ndipo chinalidi chiyamikiro. Koma ine ndine nesi. Ndimagwira ntchito m'wodi ya odwala mtima, ndipo ndimadziwa chimene makilogalamu 16 owonjezera amachita pamtima, pamawondo ndi pakapumidwe ka munthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti makoleji akufuna thupi limene kulibe, limene akufuna kulimanga okha pamwana wanga, ndipo akadzathana nalo pakatha zaka zinayi kapena zisanu, mwini wake adzakhala nalo moyo wake wonse. Mafunso anga onse anachokera pamenepo.

Za nyenyezi ndingodutsapo. Makampani monga 247Sports, Rivals ndi ESPN amapatsa anyamata nyenyezi, zisanu kwa ochepa kwambiri m'dziko lonse, ndipo ana amadwala nazo mutu. Wanga anakhala nthawi yaitali wopanda ndi imodzi yomwe. Ndinkamukumbutsa kuti Jason Kelce analowa ku Cincinnati wopanda sikolashipu, n'kudzakhala center wa Philadelphia Eagles zaka 13 mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu, ndiponso kuti Ali Marpet anachokera ku Hobart College, kakoleji ka Division III, n'kusankhidwa ndi Tampa Bay mu 2015. Koma ndinkamuuzanso mbali inayo. Anyamata opitirira miliyoni imodzi amasewera mpirawu kusekondale. Mwa 100 alionse, pafupifupi 7 okha ndi amene amakasewera m'makoleji a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, ndipo mwa amene amaliza kukolejiko, osakwana awiri pa 100 ndi amene amasankhidwa ndi matimu a NFL.

Tsopano sukulu yaikulu ija. Sinditchula dzina, chifukwa zimene inachita amachita ambiri, ndipo sinaphwanye lamulo lililonse. Kumapeto kwa giledi 11 kochi wawo wa anyamata apamzere anabwera kusukulu, anamuona akunyamula zitsulo, ndipo madzulo ake anaimba foni kuti akumupatsa offer. Mwana analemba pa X, anzake anamuunjikira, abambo ake anaimbira abale onse usiku womwewo. Inenso ndinavina m'khitchini, ndisaname. Chimene makolo ambiri sitidziwa poyamba n'choti offer yotereyi ndi mawu apakamwa chabe. Sukulu imodzi imatha kuuza anyamata mazana kuti yawapatsa offer pamene malo ali makumi awiri okha kapena kupitirira pang'ono. Pali offer yoti ukati "ndavomera" amakulandira, ndiye pali ina yongokusunga pamzere podikira kuti amene akumufunitsitsa ayankhe kaye. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Giledi 12 itayamba, mafoni anayamba kuchepa. Kenako tinamva kuti kochi uja wapeza ntchito kwina. Wolowa m'malo mwake anatiimbira mwaulemu n'kunena kuti mwana akhoza kubwera ngati preferred walk-on, kutanthauza kuti malo m'timu alipo, koma fizi tilipire tokha, mwina adzamuganizira m'tsogolo.

Mwana anakhala masiku osadya bwino. Ine mtima unandipweteka, koma nditafufuza ndinamvetsa chimene chachitika, ndipo ndikufuna makolo anzanga achimvetse. Kuyambira mu 2018 kuli transfer portal, kaundula amene wosewera wa pakoleji amalembetsamo akafuna kusamukira kwina, ndipo masiku ano amatha kusamuka n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo. Izi zapweteka kwambiri anyamata apamzere ochokera kusekondale. Wothamanga wa zaka 18 akhoza kulowa m'bwalo chaka choyamba, koma guard wa zaka 18 amafunika zaka ziwiri kapena zitatu za zitsulo ndi chakudya asanalimbane ndi amuna a zaka 22. Kochi amene akudziwa kuti akaluza nyengo ziwiri achotsedwa ntchito alibe nthawi yolera mwana. Amapita ku portal n'kukatenga wokhwimakhwima amene sukulu ina yalera kale.

Ndiye pali nkhani ya magawo, imene abale ambiri imawasokoneza. Division I ili pawiri. Pamwamba pali FBS, masukulu a mabwalo akuluakulu monga Notre Dame, Michigan ndi Ohio State, omwe kwa zaka zambiri ankaloledwa masikolashipu athunthu 85. Pansi pake pali FCS, kumene malire akhala 63, ndipo amatha kugawa imodzi kwa anyamata awiri. Division II imaloledwa 36, Division III sipereka sikolashipu ya masewera ngakhale imodzi. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano pa mlandu wa House, umene unalola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pasukulu imodzi m'chaka choyamba, ndipo masukulu amene alowa m'dongosololi sangasunge osewera mpira opitirira 105. Zimenezi zikutanthauza kuti mnyamata wolowa wopanda sikolashipu ndi amene amayamba kuchotsedwa malo akachepa. Ndalama zimene mumamva pa nkhani, kuphatikizapo za NIL (zimene wosewera amalandira dzina kapena chithunzi chake chikagwiritsidwa ntchito pa malonda) zimene zinayamba mu 2021, zimazungulira m'masukulu akuluakulu ndi kwa osewera otchuka. Ife zimenezo sizinatikhudze. Masukulu awiri a FCS ndi amene anabwera ndi pepala lenileni m'manja, ndipo kusankha kwathu kunali pakati pa awiriwa ndi kukadzilipirira kusukulu yaikulu ija.

Pepalalo likanakhala lopanda ntchito akanapanda kukhoza m'kalasi. NCAA imafuna maphunziro 16 ovomerezeka, monga Chingelezi, masamu ndi sayansi, ndi GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 2.3 pa Division I, ndipo 10 mwa maphunzirowa ayenera kutha giledi 12 isanayambe. Si phunziro lililonse la pasukulu limene limawerengedwa. Mnzake wina wa mwana wanga, wamphamvu kuposa iye, anazindikira mochedwa kuti masamu amene anatenga ali giledi 9 sali pamndandanda, ndipo makochi anangosiya kuimba. Lembetsani mwana msanga ku NCAA Eligibility Center, ofesi imene imaona ngati wakwanitsa zofunikazi, ndipo kakhaleni pansi ndi mlangizi wa pasukulu muli ndi mndandandawo m'manja.

Masukulu awiri aja anatiitana pa ulendo umene amati official visit. Sukulu imalipira mayendedwe, hotelo ndi chakudya, ndipo ulendowo sudutsa usiku uwiri. Amakulandirani ngati mafumu. Mwana amamuveka jezi ndi helemeti n'kumujambula zithunzi, amakuonetsani chipinda cha zitsulo chonyezimira, chakudya chimabwera mbale pamwamba pa mbale. Ine ndinapita ndi kabuku m'chikwama, ndipo funso loyamba m'kabukumo linali la kutentha.

Mu Ogasiti 2001 Korey Stringer, tackle wa Minnesota Vikings, anamwalira thupi litatentha mopitirira muyeso pokonzekera nyengo ya masewera. Mu 2018 Jordan McNair, mnyamata wapamzere wa zaka 19 pa University of Maryland, anagwa pa masewera olimbitsa thupi pa 29 Meyi n'kumwalira pa 13 Juni. Onsewa anali anthu a matupi ngati la mwana wanga, ndipo sizinangochitika mwangozi kuti ndi apamzere. Thupi lalikulu limapanga kutentha kwambiri ndipo limachedwa kukutaya, makamaka litavala zotchinga mapewa ndi helemeti m'chinyontho cha mu Ogasiti. Chimene chimandipweteka monga nesi n'choti imfa imeneyi ndi yopeweka. Thupi likapitirira madigiri 40 munthu n'kuyamba kusokonezeka mutu, mankhwala ake ndi kumumiza m'bafa la madzi oundana pomwepo pabwalo, ambulansi isanamunyamule. Akazizidwa mkati mwa mphindi 30, pafupifupi onse amapulumuka. McNair sanamizidwe m'madzi otero, ndipo yunivesiteyo inavomera poyera kuti inalakwa.

Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri. Mwana wanga ali ndi chibadwa cha sickle cell chochokera kwa kholo limodzi. Sadwala, ndipo tinadziwa atangobadwa chifukwa kuno ana onse amawayeza. Anthu ambiri akuda tili nacho osadziwa, ndipo sichiletsa munthu kusewera. Koma munthu wotere akathamangitsidwa mobwerezabwereza osapuma, makamaka kukutentha, ali ndi ludzu kapena ali kumalo okwera kwambiri, maselo ofiira a magazi amatha kupindika n'kutseka mitsempha, minofu n'kuyamba kuwonongeka m'mphindi zochepa. Amangofooka miyendo n'kugwa, ndipo kochi wosadziwa amaganiza kuti ndi ulesi. Dale Lloyd wa ku Rice University anamwalira motero mu 2006, ndipo kuyambira mu 2010 NCAA inalamula kuti osewera a Division I aziyezedwa. Ryan Clark wa Pittsburgh Steelers anadwala atasewera ku Denver mu 2007 mpaka anamuchotsa kapamba ndi ndulu. Makolo anzanga, ngati simukudziwa za mwana wanu, kamuyezetseni asanayambe masewera alionse olemetsa, osadikira koleji.

Pasukulu yoyamba ndinafunsa kochi wamkulu kuti bafa la madzi oundana limakhala pati akamachita masewera a chilimwe, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimitsa masewera mwana akafooka. Anamwetulira n'kundiuza kuti ndisadandaule, anyamata onse amawasamala ngati ana ake. Ndinafunsanso kachiwiri, anayankha za kukongola kwa chipatala chawo. Sindikunena kuti ndi munthu woipa, mwina zonse zinalipo. Koma funso langa analipita m'mbali, ndipo ndinaona kuti silinamukondweretse. Pasukulu yachiwiri kochi atangomva funsolo anati, "Zimenezo woyankha si ine," n'kutuma munthu kukaitana wachipatala wa timu, amene kuno amati athletic trainer. Anabwera mayi wamfupi wa imvi pang'ono. Anatitengera kubwalo n'kutionetsa pamene mabafa amaikidwa, anatiuza kuti amawadzaza masewera asanayambe, anationetsa chipangizo choyezera kutentha ndi chinyontho cha mumpweya, ndi pepala la ndondomeko ya ngozi lomatidwa pakhoma. Nditatchula za sickle cell sanadabwe. Anati ali kale ndi osewera otere, kochi wa zolimbitsa thupi amawadziwa mayina, saloledwa kuthamangitsidwa ngati chilango, ndipo akati "miyendo yalemera" amatuluka popanda wowafunsa kawiri. Ndinamufunsa kuti bwana wake ndani. Anati amayankha kwa dokotala wa yunivesite, osati kwa kochi. Kochi uja anali ataima pomwepo, ndipo anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinatulutsa mpweya umene ndinausunga chaka chathunthu.

Ndinafunsanso za kunenepa. Mapaundi 305 aja adzabwera bwanji, ndipo ndani adzayang'anira? Kunenepa kwa minofu pang'onopang'ono n'kosiyana ndi kudzaza mwana zakudya zamafuta pakati pa usiku kuti sikelo ikwere. Anyamata apamzere ambiri amakwera BP adakali kukoleji, ena amayamba kuliza mkonono ndi kubanika m'tulo. Ndinafuna kudziwa ngati amawayeza BP pafupipafupi, ngati pali katswiri wa zakudya, ndiponso ngati amawathandiza kutsitsa thupi akamaliza kusewera. Joe Thomas, amene anasewera left tackle ku Cleveland Browns maulendo 10,363 otsatizana osatuluka m'bwalo, atapuma mu 2018 anatsika thupi mpaka anthu osamuzindikira. Koma iye anali ndi ndalama ndi akatswiri. Mnyamata wamba amene wamaliza koleji ali ndi zaka 23, mapaundi 310, chilakolako cha chakudya cha munthu wosewera koma masewera atatha, amatsala yekha ndi thupilo. Anthu otere ndimawaona m'wodi mwathu ali ndi zaka za m'ma 40. Pa funso lomalizali ngakhale sukulu yachiwiri inavomera kuti imachita zochepa, ndipo ndinalemekeza kuti sanandinamize.

Funso la mutu ndi limene palibe anandiyankha mokhutiritsa, chifukwa yankho lokhutiritsa kulibe. Wapamzere sagundidwa kamodzi mwamphamvu monga amene mumawaona pa TV akuuluka. Iye amagundana mutu pang'onopang'ono pa sewero lililonse, kambirimbiri pa tsiku, chaka ndi chaka. Matenda a ubongo otchedwa CTE anayamba kudziwika mumpirawu dokotala wochokera ku Nigeria, Bennet Omalu, atapima ubongo wa Mike Webster, center wa Pittsburgh Steelers amene anamwalira mu 2002. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anapima ubongo wa anthu 111 amene anasewerapo mu NFL n'kupeza matendawa mwa 110, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la apamzere. N'zoona kuti mabanja amene anapereka ubongowo anali oti ankakayikira kale kuti m'bale wawo akudwala, choncho chiwerengerocho sichikuimira osewera onse. Komabe mayi sangachiwerenge n'kugona tulo. Helemeti imateteza chigaza kuti chisasweke, siiletsa ubongo kugwedezeka m'kati. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa kugundana pokonzekera masewera, ndiye ndinafunsa kuti pa sabata amagundana masiku angati atavala zonse, ndiponso ngati apamzere amavala zophimba zofewa zija pamwamba pa helemeti, zimene NFL inayamba kulamula pamakampu ake mu 2022. Anandiyankha manambala enieni, ndinalemba.

Wina afunsa kuti, nanga mukudziwa zonsezi, mwamulolera bwanji? Funso limeneli ndadzifunsa ndekha m'galimoto pochokera kuntchito m'mawa. Mwana wanga anali wamanyazi, wamkulu thupi kuposa anzake onse kuyambira ali wamng'ono, woyenda atawerama kuti asaoneke. Mpirawu ndi umene unamuuza koyamba kuti thupi lakelo ndi mphatso. Anyamata asanu apamzere amakhala ngati abale a bere limodzi, amadya limodzi, wina akalakwa onse amasenza. Ndamuona akudzuka kusanache m'chisanu cha Januwale popanda womudzutsa. Ali ndi zaka 18, ndipo zonse ndalemba apazi ndinamuuza pamaso, osabisa kanthu. Ndinamuuzanso za John Urschel, guard wa Baltimore Ravens, amene anasiya mpira ali ndi zaka 26 patangopita masiku ochepa lipoti la ku Boston lija litatuluka, n'kukamaliza digiri ya udokotala wa masamu ku yunivesite ya MIT. Ndinati, "Mwanawe, tsiku limene mutu wako udzakuuze kuti basi, usadzaope kuti utikhumudwitsa. Pakhomo pano palibe amene akudikira ndalama za mpira wako." Tinapanganso pangano loti akadzavulala mutu kawiri, tidzakhala pansi ndi dokotala wosakhala wa timu.

Abambo ake ankafuna sukulu yaikulu. Sindiwaimba mlandu. Agwira ntchito m'fakitale zaka zambiri, ndipo kuona mwana wawo akutuluka m'bwalo la anthu zikwi makumi angapo Loweruka masana linali loto lawo. Anati tikhoza kutenga ngongole ya chaka choyamba, mwanayu ndi wolimbikira, adzaipeza sikolashipuyo. Ine ndinati, "Bambo, kumeneko akumulola kubwera, kuno akumufuna. Ndipo ngongoleyo tidzaibweza ndife, kaya asewere kaya asasewere." Tinakangana ndithu, mpaka masiku angapo tinkangolankhulana zofunika zokha. Amene anathetsa nkhaniyi ndi mwini wake. Tili patebulo anati, "Adadi, Amayi, kochi wa kusukulu yachiwiri uja anakhala nane pansi n'kundionetsa vidiyo yanga, osati zabwino zija ndinadula, koma masewero amene ndinalephera. Anandionetsa kuti phazi langa lamanja limachedwa ndipo anandiuza mmene adzalikonzere. Enawo ankangondiuza kuti ndine wabwino." Abambo ake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti kochiyo wakhala zaka zingati pasukulupo. Atamva kuti wakhalitsa ndipo ana ake akuphunzira m'tauni momwemo, anati, "Chabwino, pita kumeneko." Mwana anawakumbutsanso kuti Grey Zabel, amene timu ya NFL ya Seattle inamusankha m'gulu la oyambirira kusankhidwa mu 2025, anachokera ku North Dakota State akusewera mu FCS, ndipo nkhope yawo inamasuka.

Chotsala chinali maphunziro. Iye akufuna uinjiniya wa zomangamanga, ndipo maphunziro amenewo ali ndi malabu masana, nthawi yomwe matimu ambiri amakhala pabwalo. Lamulo limati wosewera asapitirire maola 20 pa sabata pa zamasewera, koma maulendo, kuonera mavidiyo pawekha ndi kupita kwa achipatala siziwerengedwa, ndiye nthawi yeniyeni imaposa pamenepo. Masukulu ena amakankhira osewera ku maphunziro opepuka kuti ndandanda isavute. Ndinapempha kulankhula ndi wosewera wapamzere amene akuchita uinjiniya panopa, popanda kochi pafupi. Anandipezera awiri. Anandiuza kuti n'zovuta, amagona mochedwa, koma timu imachita masewera m'mawa ndipo palibe anawauzapo kuti asinthe. Ndinafunsanso ku ofesi ya zachuma kuti sikolashipu idzatani akadzavulala kapena kochi akadzachoka, ndipo ndinapempha kuti yankholo alilembe, ndiliwerenge ndisanalole cholembera kukhudza pepala.

Anyamuka mu Juni, akangomaliza sukulu, kukayamba zolimbitsa thupi za chilimwe. Atiuza kale kuti chaka choyamba mwina sadzasewera, adzakhala redshirt, kutanthauza kuti adzakonzekera ndi timu n'kusunga zaka zake zinayi zosewera m'kati mwa zaka zisanu, ndipo akufuna ayambe kuphunzira kupereka mpira ngati center. Madzulo ano ali m'galaja ndi mng'ono wake, akumuponyera mpira pakati pa miyendo mobwerezabwereza, wamng'onoyo akudandaula kuti zala zikumupweteka. Nyengo ya ogwetsana ili mkati, chemistry sanamalize, ndipo zotsatira zake zomaliza ziyenera kukafika ku Eligibility Center asanaloledwe kuvala jezi. Ine ndatumiza kale zotsatira za magazi ake kwa mayi wachipatala uja, ndipo tapangana kuti ndidzamuimbira sabata yoyamba ya Juni, anyamata asanayambe kuthamanga.